Chongani Bokosi Limodzi

Andipatsa tebulo pafupi ndi zenera,
mafomu mazana awiri, cholembera chofiira,
ndi uthenga wochokera kulikulu:
pofika Lachisanu mutiuze ngati maphunziro aja anaphula kanthu.

Kunja chifunga cha ku Kavre chikukwawa m'minda yosanjikizana,
asilikali atsopano akuphunzira kunena "imani" m'zinenero zitatu.
Chipewa chabuluu chimawakhala, makamaka pachithunzi.

Funso lachisanu ndi chiwiri:
Kodi zimene munaphunzira zinakuthandizani kumene munatumidwa?
Chongani bokosi limodzi, wani mpaka faifi.

Lefutenanti Prabesh Khadka wachonga faifi ponseponse.
Ndikumukumbukira. Mayeso anakhoza kuposa onse,
malamulo a kagwiritsidwe ka mfuti ankawalakatula ngati pemphero.
Fomu yake ndi yoyera, yopanda pokwinyika.
Koma m'fayilo ina, yachikuto chotuwa, muli mzere umodzi:
galimoto yake inadutsa amayi otola nkhuni
akukupiza nsalu m'mbali mwa msewu,
iye akuti dera limenelo silinali pa mapu a tsikulo.
Mafayilo awiriwa sagona m'kabati imodzi.

Kopolo Tikaram Gharti sanachonge paliponse.
Ndinamuitanitsa. Anabwera malungo a ku Bentiu atamusenda,
n'kukhala kunsonga kwa mpando ngati wobwereka.
Ndinati, kopolo, mwadumpha bokosi.
Iye anati, bwana, zapabolodi zanu ndinaiwala ndege isanatere.

Nanga munakumbukira chiyani?

Dilmaya, anatero.

M'kaundula wa aphunzitsi dzinalo mulibe.
Ndinakalipeza m'buku la kashiya:
Dilmaya Tamang, wa kuseri kwa mpanda wathu,
marupi mazana asanu patsiku,
ntchito yake kuchita sewero ngati mayi wothawa nkhondo.
Tinkamuuza kuti azikuwa pageti lathu labodza,
azikoka asilikali malaya, azilira kuti mwana wasowa.
Masiku awiri anakuwa bwino, tinaomba m'manja.
Tsiku lachitatu anangoima duu,
maso ali pa jombo za Tikaram.
Ndinalemba ndine: mayiyu sanatsate malangizo, adulidwe theka.
Sindinafunse. Lero ndi pamene ndamva
kuti wake anatengedwa usiku, zaka za nkhondo yathu yomwe,
ndi anthu ovala jombo ngati zimenezo.

Tikaram anati, pageti la msasa panabwera mayi kukuda,
wamtali, wosalankhula, dzanja lili m'kati mwa nsalu.
Mnzanga anatchera mfuti.
Buku limati chenjezani katatu.
Koma ine kaimidwe kaja ndinali nditakaonapo.
Ndinatsitsa yanga, n'kukhala pansi m'matope kuti ndichepe.
Tinakhala choncho mpaka udzudzu unatitopa.
Kenako anatulutsa dzanja lija.
Kansapato kamodzi kapulasitiki,
ka mwana wa zaka mwina zinayi.

Mwanayo munamupeza?

Tinasaka masiku asanu ndi anayi, anatero,
n'kufunsa ngati muofesi muno mumapezeka tiyi.

Ndinamukankhira fomu ija.
Anaiyang'ana nthawi yaitali, cholembera chili lende,
akuti faifi ndi wa amene tinawapeza,
wani ndi wa amene sanaphunzire kanthu,
ine ndili pati?
Anaipinda kanayi, n'kuikapo kapu yake yotentha.

Lachisanu lafika.
Kompyuta yaphatikiza, yagawa, yatulutsa folo ndi kadontho.
Kulikulu akaseka, ndalama za chaka chamawa zibwera.
Fomu ya Tikaram yakanidwa, akuti ndi yosakwanira,
ili m'dirowa mwanga ndi chizindikiro chake cha tiyi.

Kumapeto kwa lipoti asiyako mizere itatu ya "zina".
Ndalembapo kuti Dilmaya Tamang abwezeredwe marupi mazana awiri ndi theka.
Kashiya akuti buku la chaka chimenecho linatsekedwa kale.

Ndapisa m'thumba mwanga.
Madzulo ano nditsika kanjira ka kuseri kwa mpanda,
kudutsa pamene amamangirira njati,
mpaka panyumba yadenga ladzimbiri.
Sindikudziwa kuti ndikanena chiyani akatsegula.
Jombo ndikazivula ndisanafike pabwalo.